Shelefu Yogwedera ndi Funso la Umodzi wa Chinthu

Shelefu ya mabuku yogulitsidwa m'katoni imafika pakhomo isanakhale shelefu. M'katonimo mumakhala matabwa osanjikizana, kathumba ka masikuluu, tizikhomo ta mtengo ndi timisomali, komanso kabuku ka zithunzi zolongosola kalumikizidwe kake. Wolumikiza ndi wogula mwiniyo. Malonda a katundu wotere anatchuka ndi kampani ya IKEA, imene Ingvar Kamprad anayambitsa ku Sweden mu 1943. Kampaniyo imafotokoza kuti mu 1956 mmodzi mwa antchito ake, Gillis Lundgren, anazula miyendo ya tebulo kuti likwane m'galimoto, ndipo nzeru yogulitsa mipando ili zidutswazidutswa inakula kuchokera pamenepo. Lundgren yemweyo ndi amene anajambula shelefu yotchedwa Billy, yomwe inayamba kugulitsidwa mu 1979 ndipo ikupangidwabe mpaka lero. Yodziwika kwambiri ndi ya masentimita 202 kutalika, 80 m'lifupi ndi 28 kuya kwake. Phindu la malonda otere ndi loonekeratu: katoni yophwathalala sidya malo m'lole kapena mosungira katundu, ndipo ntchito yolumikiza, imene ikadalipiridwa kufakitale, imagwera wogula. Motero mtengo umatsika.

Vuto limene eni mashelefu otere amakumana nalo kawirikawiri ndi kugwedera. Munthu akaikankha pang'ono chapambali, shelefu imapendekekera kumanzere kapena kumanja, ndipo wina akadutsa pafupi mabuku amanjenjemera. Ndi vuto lotheka kulikonza madzulo amodzi. Koma pansi pake pagona funso limene anthu oganiza mozama alimbana nalo kwa zaka zoposa 2,000: kodi zidutswa zambiri zimasanduka chinthu chimodzi pa nthawi iti, ndipo umodziwo umakhala pati? Funsoli limamveka bwino likayambira pa matabwa enieniwo.

Chimango cha ngodya zinayi n'chofooka mwachibadwa. Matabwa anayi olumikizidwa kumapeto akhoza kupendekeka onse pamodzi popanda lina kutalika kapena kufupika, chifukwa chimene chimasintha ndi kutseguka kwa ngodya kokha. Chimango cha ngodya zitatu sichingatero, pakuti kuti ngodya imodzi isinthe, mbali ina iyenera kutalika kapena kuthyoka. N'chifukwa chake akalipentala amakhoma thabwa lopingasa pa geti la matabwa, ndipo mitanda ya denga amaipanga ya ngodya zitatuzitatu. Pa shelefu ya m'katoni, ntchito ya thabwa lopingasa imagwiridwa ndi bodi yopyapyala ya kumbuyo, yokhuthala mamilimita ochepa chabe, imene ambiri amaiyesa yongobisa khoma. Ikakhomedwa m'mphepete monse, imaletsa ngodya kutseguka. Ikakhomedwa ndi misomali yochepa kuposa imene inaperekedwa, kapena ikasiyidwa dala poganiza kuti ndi yokongoletsa, shelefu yonse imatsala pa masikuluu a m'ngodya, ndipo amenewo sanapangidwire kukana mphamvu yochokera chapambali.

Chifukwa china chili m'thabwa momwemo. Matabwa ambiri a mashelefuwa ndi chipboard, kutanthauza tizibenthu ta mtengo ndi utuchi zopanikizidwa pamodzi ndi guluu, kenako n'kukutidwa ndi pepala kapena pulasitiki wooneka ngati mtengo. Thabwa lotere lilibe mitsitsi yautali ya mtengo wocheka, choncho siligwira sikuluu mwamphamvu, makamaka m'mphepete. Shelefu ikagwedera kamodzi, sikuluu imanyenya pang'ono utuchi wozungulira bowo lake. Bowo likakula, kugwedera kumawonjezeka, ndipo kugwedera kowonjezekako kumakulitsanso bowo. Vutoli limadzidyetsa lokha, ndiye chifukwa chake shelefu imene inali bwino chaka chatha ikhoza kupezeka yolefuka chaka chino popanda wina kuigunda. Chinyezi chimafulumizitsa zonsezi, pakuti chipboard ikamwa madzi okolopera imafufuma ndipo sibwereranso mwakale.

Pali nthawi zinanso pamene shelefu ilibe vuto konse koma pansi ndi pamene sipali pofanana. Kukhwefuka kwa malumikizidwe ndi kutsimphina kwa pansi zimasiyanitsidwa mosavuta: ngati chimango chikupindika chokha m'munsi muli phee, vuto lili m'ngodya kapena kumbuyo, koma ngati shelefu yonse ikutukuka ndi kutera ngati chinthu chimodzi, vuto lili pansi.

Kukonza kuli ndi dongosolo lake, ndipo kulisokoneza kumawononga ntchito. Mabuku onse amatsitsidwa, mashelefu osunthika amachotsedwa, chimango chimagonekedwa chafufumimba pa nsalu kapena pa katoni. Masikuluu ndi timaloko tozungulira timene timakoka thabwa ku linzake zimalimbitsidwa ndi dzanja, mofatsa, chifukwa kukakamiza kumaphwanya bowo. Pamene bowo lakula kale, amalowetsamo tizibenthu ta mtengo topaka guluu, kudikira kuti aume, kenako n'kubwezera sikuluu. Zikatero pamabwera gawo limene ambiri amalidumpha: kuyeza sikweya. Tepi imakokedwa mopingasa kuchokera pa ngodya ya kumwamba kumanzere kufika pa ya kumunsi kumanja, kenako mbali inayo chimodzimodzi. Miyeso iwiriyo ikafanana, chimango chaongoka. Ikasiyana, chimango chimakankhidwa pa ngodya ya mbali yaitaliyo mpaka miyeso igwirizane. Pokhapo ndi pamene bodi ya kumbuyo imakhomedwa, chifukwa bodiyo imasunga maonekedwe alionse amene yapeza: ikakhomedwa pa chimango chokhota, imalimbitsa kukhotako. Ngati ngodya zafooka kwambiri, timabulaketi tachitsulo timawonjezeredwa mkati. Shelefu ikaimikidwanso, levulo imasonyeza mbali yotsika, ndipo kathabwa kopyapyala kamalowetsedwa pansi pa mbaliyo. Pomaliza pamwamba pake pamamangiriridwa kukhoma.

Tsopano funso lija likhoza kufunsidwa molunjika. Pa kukonza kwa mtundu wosavuta, pamene masikuluu angolimbitsidwa ndipo bodi yakhomedwanso ndi misomali yake yomweyo, palibe chimene chawonjezeredwa. Matabwa ndi omwewo, zitsulo ndi zomwezo, ndipo pa sikelo kulemera sikunasinthe. Komabe m'mawa chinthucho sichikanasenza mabuku popanda mantha, pamene madzulo chikusenza. China chake chenicheni chabwerera, koma sichingalozedwe ndi chala ngati chidutswa china pakati pa zidutswa zinzake.

Aristotle, amene anakhala kuyambira 384 mpaka 322 Khristu asanabadwe, anasiyanitsa mulu ndi chinthu chathunthu m'buku lake lotchedwa Metaphysics. Mulu ndi zinthu zongoyandikana. Chinthu chathunthu chili ndi china chake kuwonjezera pa zigawo zake, ndipo china chakecho si chigawo. Anapereka chitsanzo cha phatikizo la zilembo ziwiri: likamasulidwa, zilembo zimatsala koma phatikizo lija kulibenso. Wina akanena kuti cholumikizacho ndi chigawo chachitatu, pafunikanso chachinayi choti chilumikize zitatuzo, ndipo funso silidzatha. Chomwe chimapanga umodzi, malinga ndi iye, ndi kapangidwe, ndiko kuti mmene zigawo zakhalirana. M'buku lomwelo anatchula njira zosiyanasiyana zimene zinthu zimakhalira chimodzi: mtolo ndi womanga, buku ndi lomata, bokosi ndi lokhoma misomali, ndipo mtengo womwewo ukhoza kukhala chiundo cha khomo kapena mtanda wa pamwamba pake kutengera pamene waikidwa. Pa ganizo limeneli, katoni yosatsegula ndi mulu wokonzedwa bwino, pamene shelefu yoima ndi chinthu. Wokonza shelefu yogwedera amabwezeretsa kapangidwe, ndipo kapangidweko ndi kenikeni monga mmene matabwa alili enieni.

Chipembedzo cha Chibuda chinayang'ana nkhani yomweyi kuchokera mbali ina. M'buku la Milindapanha, lolembedwa m'chiyankhulo cha Pali, mmonke Nagasena akukambirana ndi mfumu Milinda, imene akatswiri ambiri amati ndi Menander, Mgiriki amene analamulira kumpoto chakumadzulo kwa India cha m'ma 150 Khristu asanabadwe. Mfumuyo inabwera pa galeta, ndipo mmonkeyo anaifunsa chigawo ndi chigawo ngati galeta ndilo magudumu, mtanda wa magudumu, goli kapena zingwe. Pa chilichonse mfumu inakana. Inakananso kuti galeta ndi chinthu china chapadera kunja kwa zigawozo. Mapeto ake anali akuti galeta ndi dzina limene anthu amagwirizana kuitanira zigawo zikakhala pamodzi mwanjira inayake, ndipo munthu nayenso ali choncho: mwa iye mulibe mwini wosasintha wobisala kumbuyo kwa thupi, kumva ndi maganizo. Cholinga cha Nagasena sichinali magaleta ayi, koma kumasula munthu ku kudzikakamira. M'nthawi yathu ino Peter van Inwagen, m'buku lake Material Beings la mu 1990, anafika pafupi ndi pamenepo ndi njira yakeyake, ponena kuti zamoyo zokha ndizo zinthu zenizeni zopangidwa ndi zigawo, ndipo pamene anthu amaona tebulo pali tinthu ting'onoting'ono tokhala mwa dongosolo la tebulo basi.

Ganizo la Nagasena lili ndi mphamvu pa shelefu ya m'katoni kuposa pa mipando ina yonse, popeza mwini wake anadzionera yekha zidutswa zili pansi m'chipinda ndipo akudziwa kuti m'katonimo munalibe mzimu wa shelefu wobisika. Komabe kugwedera kumaulula chinthu chimene kufunsa chigawo ndi chigawo sikungachipeze. Palibe thabwa limene limagwedera palokha. Thabwa la pambali ndi lolimba, la pamwamba ndi lolimba, sikuluu ndi yolimba. Chogwedera ndi shelefu. Kulimba nakonso, kukabwerera, kumakhala kwa shelefu osati kwa chidutswa china. Ndipo kusiyana kwa shelefu yolimba ndi yogwedera sikudalira pa mgwirizano wa anthu, pakuti anthu onse a m'nyumba akhoza kugwirizana kuitcha yolimba koma mabuku n'kugwabe. Dzina ndi la anthu, koma chimene dzinalo likuloza chimakana kapena kugonja ku kulemera popanda kufunsa munthu. Pa mfundo imeneyi Aristotle ali pafupi ndi choonadi, ngakhale kuti wotsatira Nagasena angayankhe mwachilungamo kuti mphunzitsi wake sanakane dongosolo la zigawo, anangokana kuti dongosololo ndi lokhalitsa ndi lodziimira palokha. Yankho limenelo ndi lolondola, ndipo shelefu yogwedera ikulichitira umboni.

Pakuti umodzi wa shelefu suli ngati nyali imene imangokhala yoyaka kapena yozima. Uli ndi milingo. Pakati pa mulu wa m'katoni ndi shelefu yosasunthika pali mtunda wautali, ndipo shelefu yogwedera ili penapake pa mtundawo, ikubwerera pang'onopang'ono kumene inachokera. Aphunzitsi a Chiyuda anazindikira milingo imeneyi pa chifukwa cha chipembedzo. Buku lawo la Mishnah, limene linasonkhanitsidwa cha m'ma 200 Khristu atabadwa, limatchula mitundu 39 ya ntchito zoletsedwa pa Sabata, ndipo mwa izo muli kumanga komanso kumenya nyundo komalizitsa chinthu. Talmud ya ku Babulo, m'gawo lake lonena za Sabata, imakambirana za bedi la zidutswa lotheka kuphwasula ndi kulumikizanso, ndipo funso linali lakuti kodi kulilumikiza pa Sabata ndi ntchito kapena ayi. Kukhomerera zidutswa mwamphamvu kunawerengedwa kukhala kulakwira lamulo, koma Rabban Shimon ben Gamliel analola kulumikiza ngati zidutswazo zimangolowa mokhwefuka. Malire a pakati pa kupanga chinthu ndi kungoyandikizitsa zinthu anawaika pa kulimba kwa malumikizidwe. Kwa iwo, amene akulimbitsa sakungosamalira chinthu chimene chilipo kale, koma akugwira ntchito ya mmisiri. Chiweruzo chimenechi chikugwirizana bwino ndi zimene manja a wokonza shelefu amamva: kupotokola komaliza kwa sikuluu ndi kumene kumasintha zinthu.

Funso lakale la chombo cha Theseus limalowa pamene kukonza kwapitirira pa kulimbitsa. Plutarch analemba kuti anthu a ku Athens anasunga chombocho kwa nthawi yaitali pochotsa matabwa owola n'kuikapo atsopano, ndipo oganiza mozama ankatsutsana ngati chinali chombo chomwecho. Thomas Hobbes, mu 1655, anawonjezera kuti wina akhoza kutola matabwa akalewo n'kumanga chombo chachiwiri. Pa shelefu, funsoli silivuta kwenikweni. Bodi ya kumbuyo ikasinthidwa ndi pulayiwudi yokhuthala, timabulaketi tikawonjezeredwa, mwini wake amaitchabe shelefu yake yomweyo, ndipo sakulakwitsa, popeza kapangidwe ndi ntchito sizinaduke. Chodabwitsa chili mbali ina: shelefu ikaphwasulidwa posamuka nyumba n'kulumikizidwanso, zidutswa zonse zimakhala zomwezo koma kawirikawiri imakhala yofooka kuposa kale, chifukwa mabowo akula ndipo m'mphepete mwa bodi mwang'ambika. Imene yasinthidwa zigawo ikhoza kusunga umodzi wake bwino kuposa imene yasunga chigawo chilichonse.

Ngati umodzi uli m'kalumikizidwe, ndiye kuti funso la amene anapanga shelefuyo lili ndi yankho losayembekezeka. Fakitale inacheka ndi kuboola, wojambula anaganiza za kapangidwe, koma amene anabweretsa umodziwo padziko ndi wogula atagwada pansi ndi kachitsulo kopindika m'manja. Izi n'zosiyana ndi shelefu ya kalipentala wa m'mbali mwa msewu ku Blantyre kapena ku Lilongwe, amene amacheka paini kapena mlombwa, kulumikiza ndi kukhoma yekha, n'kupereka chinthu chathunthu. Yake ikagwedera, mwini wake amadziwa kwa amene angabwerere. Mmalawi amene wasamukira ku Leeds kapena ku Johannesburg n'kugula shelefu ya m'katoni amapezeka kuti gawo lina la ukalipentala lagwera iye, ngakhale sanagwirepo nyundo. Ofufuza atatu, Michael Norton, Daniel Mochon ndi Dan Ariely, anasindikiza mu 2012 zotsatira zosonyeza kuti anthu amaona zinthu zimene alumikiza okha kukhala zamtengo wapatali kuposa zofanana nazo zolumikizidwa ndi ena, ndipo anatcha khalidweli IKEA effect. Anapezanso kuti chikondicho chimazilala ngati munthu walephera kumaliza ntchitoyo. Ambiri amawerenga zimenezi ngati kudzinyenga kwa maganizo, komatu mulinso choonadi: wolumikizayo anapangadi china chake, ndipo akudziwa kutero.

Kukhala mmisiri, ngakhale wa gawo lomaliza lokha, kumabwera ndi udindo, ndipo apa nkhani imachoka pa funso la chimene chilipo n'kufika pa funso la chimene chiyenera kuchitika. Shelefu ya mamita awiri kutalika koma yosakwana masentimita 30 kuya ndi yosavuta kugwera kutsogolo, makamaka ngati mabuku olemera ali pamwamba kapena mwana akukwera mashelefu a m'munsi ngati makwerero. Mu June 2016 IKEA inaitanitsa makabati a madilowa okwana 29 miliyoni ku United States, kuphatikizapo a mtundu wa Malm, ana ang'onoang'ono atamwalira chifukwa cha makabati osamangirira kukhoma amene anawagwera. Amenewo anali makabati a zovala, koma chimene chinawagwetsa n'chomwenso chimagwetsa shelefu yaitali. Kampani ili ndi mlandu wake pa kapangidwe ndi pa machenjezo, ndipo mlandu umenewo sufafanizika poti wogula ndiye analumikiza. Koma wogulayo nayenso sanganene kuti anangolandira chinthu, popeza kabulaketi ka kukhoma kamene kanatsala m'kathumba kanali m'manja mwake. Kulekerera shelefu yogwedera m'nyumba ya ana n'kusankha, ngakhale kumaoneka ngati kusachita kanthu.

Kumangirira kukhoma kumasinthanso yankho la funso loyamba lija. Aristotle ankaona chinthu chathunthu ngati chokwanira mwa icho chokha, koma shelefu yaitali yopyapyala sikwanira mwa iyo yokha. Opanga ake amanena poyera kuti iyenera kumangiriridwa kukhoma, kutanthauza kuti kapangidwe kake sikathera pa thabwa lomaliza. Kamafika pa pansi pamene yaima ndi pa khoma limene yatsamira. Pa khoma la njerwa amaboola ndi kuika pulagi yoyenera. Pa khoma la mabodi, lofala m'nyumba za ku Britain ndi ku America, amafufuza mtanda wa mkati kapena kugwiritsa ntchito zomangira zopangidwira bodi yotero, chifukwa sikuluu yolowa m'bodi mokha imazuka mosavuta. Amene akuchita lendi amayenera kupempha mwini nyumba asanaboole, ndipo ngati wakanizidwa, chotsala ndi kusankha shelefu yaifupi kapena kuika zolemera zonse m'munsi. Malire a chinthu, pa nkhani ya kulimba kwake, ali kutali kuposa malire amene maso amaona. Apa chiphunzitso cha Chibuda chakuti chilichonse chimakhalapo modalira zinthu zina chikufotokoza shelefu molondola kuposa mmene ganizo la chinthu chodziimira pachokha lingachitire.

Maganizo awiriwa, pamenepa, sakuthetsana. Umodzi wa shelefu ndi weniweni, umayezeka ndi tepi ndipo umayesedwa ndi kulemera kwa mabuku, monga mmene Aristotle akananenera. Umodzi womwewo ndi wodalira, wa milingo ndiponso wokutha, monga mmene Nagasena akananenera. N'chifukwa chake kukonza sikuchitika kamodzi. Masikuluu amafunika kuwayendera pakapita nthawi, makamaka shelefu ikasunthidwa, ndipo mabuku olemera amayenera kukhala pansi ndi chakumphepete kwa thabwa lililonse, pakuti chipboard ikasenza katundu pakati kwa nthawi yaitali imawerama osaongokanso.

Pali malire amene kukonza sikungadutse. Thabwa la pambali likafufuma m'munsi ndi madzi, utuchi n'kuyamba kuyoyoka pogwira, palibenso pamene sikuluu kapena guluu angagwire. Pamenepo kapangidwe kalibe pokhala, ndipo shelefuyo yatha ngakhale zidutswa zake zambiri zili bwino. Matabwa a pakati amene sananyowe akhoza kuchekedwa n'kukhala mashelefu okhoma pakhoma ndi mabulaketi, ndipo masikuluu ndi timaloko zimasungidwa zokonzera ina. Chipboard yotsalayo siyenera kusonkhedwa pamoto wophikira, chifukwa guluu ndi pulasitiki zimene zili mmenemo zimatulutsa utsi woipa.